Miyeso Iwiri ya Chingerezi: Kuchokera kwa Akhoekhoe Kufika ku Dunoon

Munthu wochoka pakati pa mzinda wa Cape Town kulowera kumpoto pa msewu wa N7, akadutsa mafakitale a ku Montague Gardens ndi malo oyengera mafuta a ku Milnerton, amafika pa Dunoon. Malowa adakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1990, boma latsopano litayamba kumangira anthu osauka tinyumba, ndipo lero zisakasa za malata zadzaza kuseri kwa tinyumbato mpaka kukafika m'mphepete mwa mtsinje wa Diep. Muli Axhosa ochokera ku Eastern Cape, muli Asomali a timagolosale, anthu a ku Zimbabwe, a ku Congo ndi a ku Mozambique, komanso Amalawi ambiri amene m'bandakucha amakwera minibasi kapena kupalasa njinga kupita kukasesa, kukachapa ndi kukadulira maluwa ku Table View ndi ku Parklands. Dzina la malowa si la chilankhulo cha aliyense mwa anthu amenewa. Dunoon ndi dzinanso la tawuni ina ya m'mbali mwa nyanja ku Argyll, m'dziko la Scotland. Mmalawi sangadabwe nazo, pakuti mzinda wake waukulu wa zamalonda udatchedwa Blantyre pokumbukira kumene David Livingstone adabadwira mu 1813, dzina la Kabula n'kungotsalira pakamwa pa anthu.

Nthaka imeneyi idali ndi eni ake Mzungu asadaione. Magulu a Akhoekhoe, monga a Goringhaiqua ndi a Cochoqua, ankadyetsa ng'ombe ndi nkhosa m'madambo ozungulira Table Bay, kusamuka motsata msipu malinga ndi nyengo. Sadali anthu oti n'kuseweretsa: mu 1510 adapha Francisco de Almeida, woimira mfumu ya Portugal ku India, pamodzi ndi asilikali ake ambiri, Apwitikiziwo atayesa kulanda ng'ombe ndi ana. Iwo ankadzitcha Khoekhoe, kutanthauza anthu enieni. Amalinyero a Chidatchi adawatcha ‘Hottentot’, dzina limene akatswiri ambiri amati lidachokera pa kuyeserera monyoza kalankhulidwe kawo, ndipo Chingerezi chidalilandira ndi manja awiri n'kulikuza mpaka lidayamba kutanthauza munthu aliyense wosaphunzira ndi wosadziwa mwambo. Autshumao, mtsogoleri amene Angerezi adapita naye pa sitima ku Java cha m'ma 1631 n'kubwerako akulankhula Chingerezi, adasanduka Harry. Wachibale wake Krotoa, amene ankamasulira pakati pa anthu ake ndi Jan van Riebeeck, adasanduka Eva, ndipo adafera pa chilumba cha Robben Island mu 1674. Sarah Baartman adaonetsedwa ngati nyama ya m'khola ku London mu 1810 ndi dzina loti ‘Hottentot Venus’. Atamwalira ku Paris mu 1815, Georges Cuvier adatumbula mtembo wake, ndipo mafupa ake adakaikidwa m'manda ku Hankey pa 9 Ogasiti 2002, patapita zaka zoposa 186.

Mbiri iyi njodziwika, ndipo kudziwika kwakeko ndiko kwagonetsa anthu tulo. Masiku ano palibe mkonzi wa nyuzipepala amene angalole ‘Hottentot’ kapena ‘savage’ patsamba lake. Mabuku otanthauzira mawu amachenjeza kuti amenewa ndi mawu onyoza. University of Cape Town mu 2018 idasintha dzina la holo yake yaikulu kuchoka pa Jameson kukhala Sarah Baartman. Poona izi ambiri amati mlandu udatha. Sudathe. Chimene chidachotsedwa ndi mawu otukwana, amene ngakhale mwana amawazindikira. Chimene chidatsala ndi chizolowezi cha Chingerezi chosunga miyeso iwiri, wina woyezera Mzungu, wina woyezera munthu wa mu Africa, monga vendala wachinyengo amene sikelo yake yogulira chimanga si imene amagulitsira. Chinthu chimodzimodzi chikakhala ku Ulaya chimapatsidwa dzina lina, chikakhala ku Africa dzina linanso, ndipo dzina lachiwirilo nthawi zonse limakhala lofupika msinkhu.

Wolankhula Chichewa ali ndi mwayi woona chinyengochi bwino, chifukwa m'malo ambiri mmene Chingerezi chili ndi miyeso iwiri chilankhulo chake chili ndi umodzi. Liwu loti mtundu limakwanira Angerezi, Ajeremani, Achewa ndi Ayao mofanana. Chingerezi chimati anthu a ku Denmark, amene ndi pafupifupi 6 miliyoni, ndi ‘nation’, koma Ayoruba, amene ndi oposa 30 miliyoni, ndi ‘tribe’. Mfumu ndi mfumu, kaya ikhale ku London kaya ku Mkaika. Apwitikizi a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, amene adapempha asilikali kwa Muzura wa Amaravi, ankadziwa kuti akukambirana ndi ufumu. Koma Angerezi a m'ma 1890 adapeza kuti m'dziko lonselo mudalibe ‘king’ ndi mmodzi yemwe, mudali ‘chief’ ndi ‘headman’ okhaokha, ndipo lamulo lawo la 1912 lidawasandutsa akapitawo a bwanamkubwa wa boma. Nyumba ndi nyumba, yaudzu kapena yamalata. Chingerezi chidagawa ‘house’ ndi ‘hut’, kenaka n'kuika msonkho pa ‘hut’. Chichewa chenichenicho, chimene chimalankhulidwa ndi anthu oposa 10 miliyoni ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, chimatchedwabe ‘dialect’ kapena ‘vernacular’ pakamwa pa anthu amene sangayerekeze kutchula motero chilankhulo cha ku Finland.

Chitsanzo chowawa koposa ndi cha sing'anga. Omasulira Buku Lopatulika la 1922, pofuna liwu lotchulira Luka, mnzake wa Paulo amene ntchito yake idali yochiza, sadavutike: adamutcha sing'anga, pakuti limenelo ndilo lidali liwu la Chinyanja la munthu wochiza matenda. Koma Chingerezi cha boma chidali chitagawa kale ntchitoyo pawiri. Wochiza wa jasi loyera adali ‘doctor’. Wochiza wa mizu ndi makungwa adali ‘witch doctor’, dzina limene m'khutu mwa womva limamangirira pamodzi mfiti ndi mdani wa mfiti, ngati kutcha wapolisi wakuba popeza amagwira akuba. Lamulo la ufiti la 1911 ku Nyasaland ndi linzake la 1957 ku South Africa adalimbitsa msokonezo umenewu. Mapeto ake Chichewa chidagonja pakhomo pake pomwe: liwu loti dokotala lidatenga ulemu wonse, sing'anga n'kutsala ndi nsupa ndi manyazi, kotero kuti mwana wa sukulu wa lero akamva kuti Luka adali sing'anga amaseka. Apa ndiye pali ngozi yeniyeni. Kufotokozera mlendo molakwika za anthu a kutali n'cholakwa chaching'ono poyerekeza ndi kubwerera kudzasintha matanthauzo m'kamwa mwa eni ake. Gule Wamkulu, amene mabuku a amishoni ankamuyesa chikunja chonyansa, adachita kudikira chikalata cha UNESCO cha 2005 kuti ophunzira ena a ku Malawi avomere poyera kuti n'chuma.

Za ‘tribe’ zidanenedwa kale, ndipo zidanenedwa ndi munthu amene Cape Town idamukana. Archie Mafeje, amene University of Cape Town idamupatsa ntchito ya uphunzitsi mu 1968 n'kumulanda asadaiyambe poopa boma la tsankho, adalemba mu 1971 kuti lingaliro limeneli lidadza ndi atsamunda ndi akatswiri awo a za chikhalidwe, ndi kuti zilankhulo za ku South Africa zidalibe liwu lofanana nalo. Leroy Vail ndi Landeg White mu 1989 adaonetsa mmene sukulu za mishoni, boma la atsamunda ndi andale adaumbira mitundu ya ku Malawi kukhala magulu olimbana. Komabe nkhondo ya ku Bosnia ya 1992 mpaka 1995 idalembedwa kuti ndi ya ‘ethnic’ ndi ‘nationalist’, pamene zipolowe za ku Kenya za pambuyo pa chisankho cha 2007, zimene gwero lake lidali mavoti ndi malo, zidatchedwa ‘tribal’. Liwu limeneli n'laulesi. Likangotchulidwa, mtolankhani safunikanso kufufuza za minda, za ntchito kapena za ndale, pakuti wowerenga wauzidwa kale kuti anthu awa amaphana mwachibadwa. Chodabwitsa n'chakuti muyeso wachiwiriwu Chingerezi chidayamba kuunolera kwawo komweko. Anthu a kumapiri a Scotland, kumene kuli Dunoon woyamba uja, ankayesedwa akuthengo, chilankhulo chawo cha Gaelic chinkaonedwa ngati chotchinga chitukuko, ndipo mu 1746 nyumba ya malamulo ya ku London idaletsa ngakhale zovala zawo. Zina mwa zidzukulu za anthu omwewo ndizo zidadzakwera sitima kukatcha ena mayina.

Amene amaganiza kuti mankhwala ake ndi kungosintha mawu aphunzire pa mbiri ya liwu loti ‘Bantu’. Wilhelm Bleek, katswiri wa zilankhulo amene ankasunga mabuku a Sir George Grey ku Cape Town, adalitenga ku abantu, liwu lomwelo limene m'Chichewa ndi anthu, n'kulipanga dzina la banja la zilankhulo m'buku lake la 1862. Padalibe liwu laulemu kuposa limeneli. Koma boma la tsankho litaona kuti ‘native’ yanunkha, lidatola ‘Bantu’: kudabwera lamulo la Bantu Education la 1953, ndipo unduna wa Native Affairs mu 1958 udasanduka wa Bantu Administration and Development. Pasadapite nthawi liwu lotanthauza anthu lidali chitonzo choti munthu wakuda sakadalola kutchedwa nacho. Mu 1978 undunawo udasinthanso dzina kukhala Plural Relations and Development, anthu n'kumaseka kuti tsopano asanduka ma‘plural’. Ofesi idali yomweyo, ziphaso zomwezo, apolisi omwewo. Njoka idangofundula khungu.

Mmalawi wa ku Dunoon ndi mlowam'malo wa dzina lina lochokera mu ofesi yomweyo. Makalata a boma ku South Africa ankatcha agogo ake ‘foreign native’, mawu odzitsutsa okha, pakuti amati munthuyo ndi mbadwa komanso ndi mlendo nthawi imodzi: mbadwa pofuna kumumana ufulu wa Mzungu, mlendo pofuna kumupitikitsa ntchito ikatha. Kampani ya Wenela idali ndi dzina linanso, ‘tropical’, la aliyense wochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, ngati kuti ndi chipatso kapena nthenda. M'khitchini ndi m'munda wa maluwa adali ‘boy’ mpaka imvi. Clements Kadalie, mwana wa ku Nkhata Bay wophunzira ku Livingstonia, atayambitsa bungwe la apantchito la ICU pa doko la Cape Town mu 1919, boma lidakumbukira msanga kuti ndi mlendo n'kuyesa kumutulutsa m'dziko mu 1920. Michael Neocosmos adalondola mzere umenewu m'buku lake la 2006, kuonetsa mmene ‘foreign native’ wa dzulo adaberekera mlendo wakuda wa m'dziko la ufulu.

Lero lamulo la Immigration Act la 2002 limati ‘illegal foreigner’, ndipo nyuzipepala zimati ‘foreign national’. Mjeremani kapena Mngerezi wokhala ku Table View, makilomita ochepa chabe kuchokera ku Dunoon, naye ndi nzika ya dziko lina, koma iye ndi ‘expat’. Mawu oti ‘foreign national’ amaoneka osakondera, koma aliyense wowerenga nkhani ya apolisi amadziwa khungu la munthu amene akunenedwayo. Palinso kuyamikira kumene kumaluma ngati kutukwana. Zotsatsa ntchito za pa intaneti ku Cape Town zadzaza ndi Mmalawi amene ndi ‘honest’, ‘humble’ ndi ‘hardworking’. Amalawi ena amanyadira mbiri imeneyi, ndipo n'zomveka, popeza imabweretsa ganyu. Koma amenewa ndi mawu omwewo amene dona wa chitsamunda ankalemba m'kalata ya ‘Nyasa boy’ wake, ndipo tanthauzo lake pa msika wa ntchito n'lakuti munthuyu sadzafunsa za malipiro oyenera. Mnzake wa Chixhosa woyandikana naye chisakasa amamva tanthauzo lomwelo, n'kumusungira mkwiyo umene ukadayenera kupita kwa wolemba ntchito.

Mkwiyo wotere udaphulika mu Meyi 2008. Zipolowe zidayamba ku Alexandra, mu Johannesburg, pa 11 Meyi, ndipo ku Cape Town zidabuka ku Dunoon usiku wa pa 22 Meyi, pamene masitolo a Asomali ndi nyumba za alendo zidathyoledwa, anthu n'kuthawa ndi zovala za m'thupi zokha. M'dziko lonse anthu 62 adaphedwa, 21 mwa iwo nzika za South Africa yomwe. Anthu zikwizikwi adaunjikidwa m'misasa monga Soetwater, Blue Waters, Harmony Park ndi Youngsfield m'nyengo yachisanu, ndipo boma la Malawi lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Ku Gauteng achiwembu ankafunsa munthu dzina la chigongono m'Chizulu, wolephera n'kumenyedwa. Dzina loti makwerekwere, limene amati limayeserera kalankhulidwe kosamveka ka mlendo, lidaumbidwa m'chikombole chomwecho chimene chidaumba ‘Hottentot’.

Chingerezi chidafika pa malo a ngoziwo ndi miyeso yake. Purezidenti Thabo Mbeki adati sikudali kudana ndi alendo koma umbanda chabe. Ophedwawo adali ‘foreign nationals’ opanda mayina. Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique, amene chithunzi chake akupsa chidazungulira dziko lonse lapansi, adayamba wadziwika ngati ‘the burning man’, dzina lake n'kudzatuluka patapita masiku. Nzika za ku Dunoon nazonso sizipulumuka. Zikamanga chisakasa pa malo a m'mbali mwa mtsinje, zimenezo ndi ‘land invasion’. Zimene zidachitika pa nthaka ya ku Cape kuyambira 1652 mabuku amazitcha ‘settlement’, ngati kuti anthu adangofika n'kukhazikika pa malo opanda mwini. Mu 2012 Helen Zille, nduna yaikulu ya Western Cape pa nthawiyo, adatcha ana a sukulu ochokera ku Eastern Cape ‘refugees’, othawa kwawo m'dziko lawo lomwe. Adapepesa pambuyo pake, koma liwulo silidagwe kumwamba: kuyambira m'ma 1950 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1980 ndondomeko ya boma idali yoti munthu wakuda ku Western Cape ndi wongodutsa.

Wina adzati chilankhulo chilichonse chili ndi mayina onyozera mlendo, ndipo n'zoona. Chichewa chidatcha anthu amene adajambula zithunzi zofiira za pa miyala ya ku Chongoni kuti Akafula ndi Amwandionerapati, dzina lachiwirili likuseka kufupika kwawo. Alomwe atalowa m'dziko kuchokera ku Mozambique adatchedwa Anguru. Kusiyana kwake ndi kwa mphamvu. Chitonzo cha pamudzi chimathera pamudzi, pamene Chingerezi chidali ndi mapu, khothi, kalembera wa anthu, mtanthauziramawu ndi nyumba yosungira zakale. South African Museum idaumba zifanizo za anthu amoyo kuyambira 1907 n'kuziika m'nyumba imodzi ndi mafupa a nyama monga ‘Bushmen’, ndipo chionetserocho chidatsekedwa mu 2001. Nkhani ya Alomwe imaphunzitsanso china: dzina la Anguru lidachoka m'makalata a boma m'zaka za m'ma 1940 chifukwa Lewis Bandawe ndi anzake adakhazikitsa bungwe n'kuumirira, osati chifukwa mkonzi wina wa ku Oxford adawachitira chifundo. Ngakhale liwu latsopano loti ‘indigenous’, limene United Nations idalilemekeza ndi chikalata cha 2007, ndi ‘native’ wosamba ndi sopo. Limathandiza zidzukulu za Akhoekhoe pomenyera malo ndi ulemu, ndipo pamenepo n'lofunika. Koma limaunjika mitundu mazanamazana m'thumba limodzi, chowalumikiza chili chakuti wina adawapeza ali pamalo.

Mlandu waukulu, komabe, uli pa ophunzira a m'chigawo chino cha Africa. Kafukufuku wa zipolowe za 2008 ndi wa moyo wa Amalawi ku Joni ngwochuluka, koma pafupifupi yense ali m'Chingerezi. Wofufuza amafunsa mayi wa ku Mangochi m'Chichewa kapena m'Chiyao, amamasulira yekha, n'kutaya mawu oyambawo. M'buku mumatuluka ‘informant’ wopanda nkhope amene akulankhula za ‘livelihood strategies’ ndi ‘social networks’. Mayiyo adati chibale, adati ganyu, adati chipereganyu, adati kutchona, ndipo liwu lililonse mwa amenewa lili ndi mbiri yake ndi malamulo ake. Kutchona, mwachitsanzo, si kusamuka. Ndi chiweruzo cha mudzi pa munthu amene adapita n'kusiya kutumiza kanthu ndi kubwerako, ndipo kuopa chiweruzo chimenechi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Amalawi a ku Cape Town amasonkherana ndalama kuti mtembo wa mnzawo ukaikidwe kwawo. Wodziwa liwu loti ‘migrant’ lokha sangamvetse chifukwa chimene anthu osauka chotere amayendetsera bokosi makilomita pafupifupi 3,000. Zida zolembera zimenezi m'chilankhulo cha eni ake zilipo: David Clement Scott adaonetsa kulemera kwa Chimang'anja m'mtanthauziramawu wake wa 1892, ndipo Centre for Language Studies idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Chosowa ndi kulimba mtima, pamodzi ndi mayunivesite amene angakweze mphunzitsi pa ntchito chifukwa cha pepala losindikizidwa ku Zomba monga amachitira ndi losindikizidwa ku London.

Bleek yemwe uja, ngakhale adali ndi maganizo a tsankho a nthawi yake, iye ndi mlamu wake Lucy Lloyd adachita chinthu chimodzi chimene ofufuza ambiri a lero amachinyalanyaza. Kuyambira 1870, kunyumba kwawo ku Mowbray, adalemba nthano ndi mbiri za akaidi a mtundu wa |xam, monga ||kabbo ndi Dia!kwain, liwu ndi liwu m'chilankhulo chawo, Chingerezi chili pambali pake, masamba oposa 12,000. Chifukwa cha zimenezo wowerenga wa lero angathe kutsutsa kumasulira kwa Bleek, pakuti umboni sudatayidwe. Chilankhulocho chidafa, palibenso wochilankhula. Mawu a pa chizindikiro cha dziko la South Africa, chimene chidakhazikitsidwa pa 27 Epulo 2000, adatengedwa m'chilankhulo chomwecho, ndipo amapempha anthu osiyanasiyana kuti agwirizane. Chizindikirocho chimasindikizidwa pamwamba pa makalata a unduna wa Home Affairs, kuphatikizapo amene amapatsidwa kwa Mmalawi wogwidwa ku Dunoon alibe chilolezo, pomutumiza ku Lindela monga ‘illegal foreigner’.